Mwana wa Eni

Kamsomali anawapeza bambo ake pa bedi lakukona, pafupi ndi khoma limene anamangirirapo masilinda a mpweya ndi unyolo. Anayamba waona mapazi. Mapazi otambalala aja, a zidendene zong'aluka, akanawazindikira ngakhale pakati pa mapazi a anthu a msika wonse. Kenako anaona manja a zipsera, amene anakhala akudula malata ndi kukhoma zidebe kuyambira iye asanabadwe. M'wodi ya mliri munalibe mpando wa nesi, choncho anangogwira chitsulo cha bedi n'kumayerekeza kuona ngati mpweya ukuyenda bwino.

Dzina lakuti Kamsomali anamupatsa ndi bambo akewo, poti ali mwana anali wowonda, wouma mutu, ndipo ankakonda kutola misomali pansi pa benchi yawo. Kuntchito dzinalo panalibe ankalidziwa. Kumeneko anali Sisita basi, ndipo ankatchulidwa ndi dzina la mwamuna wake, moti panalibe akanaganiza kuti mdala amene ambulansi inamutola m'mawa umenewo ndi amene anamubala.

Boma linali litasandutsa nyumba yosungiramo katundu kukhala chipatala cha mliri. Linapaka laimu kunja, linakhoma chikwangwani chachikulu pageti, koma mawindo anatsala pomwe anali, m'mwamba pafupi ndi denga. Achibale sankaloledwa kulowa. Mafoni ankatsala m'makabati panja. Wogwira ntchito aliyense ankapatsidwa zovala zodzitetezera kamodzi patsiku: ovolosi yoyera ya pulasitiki, magolovesi, masiki, ndi magalasi amene ankachita nthunzi munthu asanafike pa bedi lachiwiri. Ukavula ndiye kuti tsiku lako latha, poti zina kunalibe. Odwala ankati manesi onse ndi amodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina ndi wamtali, wina wamfupi.

Kamsomali anawerama mpaka magalasi ake kutsala pang'ono kugunda chipumi cha mdalayo.

"Bambo, ndine. Ndine Kamsomali."

Mdalayo anayang'ana chinthu choyeracho mwaulemu, n'kukankhira pambali kachipangizo ka mpweya kuti ayankhule.

"Pepani anesi, ine sindimva," anatero mokweza, monga amachitira anthu ogontha. "Mukafuna ndimve, ndione pakamwa."

Apa m'pamene panali vuto lonse. Nyundo inali itawadya makutu pang'onopang'ono, ndipo kwa zaka tsopano ankamva ndi maso, poyang'ana milomo ya woyankhula. Kulemba papepala kukanakhala kutaya inki. Sukulu sanapondeko, ankati malata safuna zilembo.

Tsiku lomwelo mdalayo anamuuza nesi wachilendoyu kuti nawonso ali ndi mwana wamkazi, nesi ngati iyeyo, wa pachipatala chachikulu cha mtawuni. Anati mwina uthenga sunamufikebe, koma akamva abwera akuthamanga, chifukwa ameneyo ndi msomali weniweni, geti silingamuletse. Kamsomali anagwedeza mutu kuvomera. Misozi m'magalasi aja inalibe kolowera, inangosakanikirana ndi thukuta.

Mliri utayamba, iye anasiya dala kupita kunyumba kwa bambo ake. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo kuti okalamba atalikiridwe, ndipo iye, amene ankakhala tsiku lonse pakati pa anthu otsokomola, anaona kuti kuwakonda n'kusawayandikira. Ankatumiza sopo ndi shuga kudzera kwa mayi wina woyandikana nawo nyumba. Koma wailesi imalankhula ndi amakutu. Mdalayo chimene anaona n'chakuti mwana wake wasiya kubwera, ndipo shuga sayankha mafunso.

Tsopano anali naye pafupi, koma malamulo a ku unduna anali awiri, ndipo onse anali omveka. Loyamba linkati wachipatala asasamalire m'bale wake. Zikadziwika amasamutsidwa tsiku lomwelo. Lachiwiri linkati wovula masiki m'wodi atuluke, akabindikiritsidwe kwa masabata. A Metroni, oyang'anira manesi, sanali munthu woipa. Anali ataperekeza kale kumanda manesi amene anawaphunzitsa okha ntchito, ndipo chichokereni kumandako lamulo ankaligwira ngati khasu.

Choncho nkhani inali yosavuta kuimva koma yovuta kuimeza. Akavula masiki, bambo ake amuona kwa kamphindi, kenako samuonanso, ndipo adzatsala m'manja mwa manesi ochepa amene anali kale ndi odwala owapitirira. Akapanda kuvula, adzawasambitsa, adzawatembenuza, adzawamwetsa phala, koma iwo adzakhala akudikira mwana amene sakubwera. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Iye anaima pakati, mvula n'kumamukwapula.

Anayesa njira zina. Tsiku lina anawagwira chala chachikulu cha kumanja ndi dzanja lake lonse, monga ankachitira ali mwana akamawoloka nawo msewu. Mdalayo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, n'kulibisa m'bulangete. Kenako anatembenukira kwa wodwala wa pa bedi loyandikana nalo n'kumuuza, m'mawu amene iwo ankayesa kunong'ona koma anamveka wodi yonse, kuti nesi wamfupiyu ndi wachifundo ndithu koma ali ndi timasewera tosayenera pa munthu wamkulu. Wodi inaseka mpaka kutsokomola. Kamsomali nayenso anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamupweteka kuposa kulira.

Wa pa bedi loyandikanalo anali kondakitala wa basi, ndipo onse ankangomutcha Kondakitala. Matenda anali atamulanda mpweya koma pakamwa anamusiyira. Ankadziwa amene wamwalira, amene walota akazi ake, ndi nesi amene amabaya jakisoni ngati akukwiyira munthu. Kamsomali anaganizapo zomupempha kuti awauze bambo ake, poti iye akanatha kuchotsa kachipangizo ka mpweya n'kuonetsa milomo. Koma kuuza Kondakitala chinsinsi kunali ngati kuchiika pa chimkuzamawu. A Metroni akanamva dzuwa lisanafike paliwombo.

Amene Kamsomali anamuuza anali mmodzi yekha, nesi mnzake amene odwala ankamutcha Wamtali. Anamuuza akusamba m'manja pa mpopi wa kuseri, madzi akungotayika. Kenako Wamtali anabwera ndi nzeru. Chitseko cha wodi chinali ndi kagalasi. Kamsomali akaweruka, atavula zonse, akanaima kunja kwa kagalasiko, Wamtali n'kukankha bedi la mdalayo mpaka pakhomo. Lamulo silikanathyoka. Chofunika chinali silinda yaing'ono yoyenda nayo, chifukwa zazikulu zija zinali zomangidwa kukhoma, ndipo mdalayo sakanafika pakhomo popanda mpweya. Masilinda aang'ono onse anali opanda kanthu. Koma kalata ya ku unduna inali itanena kuti galimoto ya mpweya ili m'njira.

Anayamba kudikira galimoto.

Madzulo aliwonse mneneri wa boma ankalankhula pa wailesi ndi mawu osalala ngati opaka mafuta. Ankati zinthu zili m'chimake, zipangizo zafika, anthu asachite mantha. Kamsomali ankamumvera atakhala m'khitchini, mmene ankagona tsopano, pamphasa pakati pa mbaula ndi ndowa. Boma linalonjeza nyumba zogona achipatala kuti asamatengere matenda kwawo, koma lonjezo silikhala ndi denga. Mwamuna wake ankamuikira chakudya pakhomo n'kubwerera. Mwana wawo wamkazi, amene anali ndi mphumu chibadwire, ankamuonera pawindo la chipinda, ataphwatika mphuno pagalasi.

Atamufotokozera mwamuna wake za bambo ake, mwamunayo analira, poti apongozi akewo ankawakonda. Koma atapukuta misozi ananena chimene Kamsomali ankachiopa. Anati iye sangamuletse, bambo ndi bambo, koma akumbukire chifuwa cha mwana.

Zoona zake n'zakuti Kamsomali ankaopa. Ankadziuza kuti akusunga lamulo, kuti akuganizira odwala ena, kuti akuteteza mwana, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma pansi pa zonsezo panali mantha wamba a munthu amene waona mmene matendawa amaphera. Anali ataona anthu akumira ali pabedi louma. Sankafuna kufa choncho, ndipo ankachita manyazi kuti sankafuna.

Masiku anapita, galimoto osaoneka. M'malo mwake kunabwera akuluakulu a ku unduna ndi ojambula. Anaima kunja kwa geti, patali ndithu, atavala mamasiki abwino amene manesi anali asanawaonepo. Wamkulu wawo anati achipatala ndi asilikali a dziko, ndipo anapempha onse kuti awaombere m'manja. Anaomba. Wamtali anafunsa a Metroni chapansipansi ngati m'manjamo angathe kumuthira m'silinda. A Metroni sanaseke. Anati afunsa za mpweya, ndipo ayankhidwa kuti nkhaniyo ili m'manja mwa komiti.

M'kati, mdala wa zidebe anali akusintha. Poyamba ankamuikira kumbuyo mwana wake. Ankati ndi wotanganidwa, mliriwu wagwira aliyense, mwina amuletsa akuluakulu ake. Chitseko chikatseguka ankadzutsa mutu, n'kuubwezanso pa pilo ataona kuti ndi chinthu china choyera. Kenako anasiya kudzutsa mutu. Anayamba kunena zina. Anati zidebe ndizo zinamuphunzitsa mtsikana ameneyo, koma zikuoneka kuti mwana ukamuphunzitsa, umamuphunzitsanso kuchita nawe manyazi. Anati mayi ake akanakhala moyo sakanakhulupirira.

Kondakitala ankathirira ndemanga. Ankati ana a masiku ano ndi a pamaliro, amabwera ndi magalasi akuda kudzalira mokweza kuti anthu awaone. Ankatembenukira kwa Kamsomali kuti amuvomereze, ndipo iye ankangopitiriza ntchito. Ankawagoneka bambo ake chafufumimba kuti mapapo apeze malo, ankawanyowetsa milomo ndi thonje, ankawapaka mafuta m'ming'alu ya zidendene. Manja ake ankachita zonse zimene mwana angachite, makutu ake akumva mmene mwanayo analili woipa.

Mdalayo anayamba kumukonda nesi wamfupiyu. Ankamuzindikira ndi kayendedwe, ndipo akabwera wina ndi phala ankatseka pakamwa. Tsiku lina atamaliza kuwasambitsa, anamugwira pamkono.

"Anesi, bambo anu alipo?"

Anagwedeza mutu kuti alipo.

"Ali ndi mwayi munthu ameneyo," anatero. "Ena timabala, ena amabala."

Kamsomali anapita kuseri kwa masilinda n'kuima moyang'ana khoma mpaka wodwala wina anamuitana.

M'mawa wa tsiku lomaliza dokotala anaima pa bedi lakukona nthawi yochepa kwambiri, ndipo aliyense wa m'wodi ankadziwa tanthauzo la kuima kochepa. Anauza Kamsomali kuti mdalayu akufunika makina opumira, koma makina amene analipo anali ndi anthu kale, ndipo anthuwo anali aang'ono. Ananena mofatsa, mosayang'ana kumbali, ngati munthu amene wanena mawu omwewo kambirimbiri mpaka atha kuwawa. Anamuuza kuti angowasunga bwino, asavutike. Anafunsanso ngati alipo wachibale woti adziwitsidwe. Kamsomali anati alipo, ndipo akudziwa.

Galimoto inali isanabwere. Wamtali anati ayese kukankha bedi popanda mpweya, mwina afika. Anayesa kuchotsa kachipangizo kwa kamphindi, ali pomwepo, kuti aone. Milomo ya mdalayo inada nthawi yomweyo, ndipo anabwezera msanga.

Pamenepo Kamsomali anasiya kusamala za a Metroni. Anagwada pakati pa mabedi awiri aja n'kumuuza Kondakitala zonse, mofulumira, mawu akutsamwa m'masiki. Kondakitala anamuyang'ana, n'kuyang'ana mdalayo, n'kukumbukira zonse zimene ananena zokhudza magalasi akuda.

"Sisita, bwanji osandiuza kale?" anatero. "Pakamwa panga pano pandipachika."

Anadzikoka mpaka m'mphepete mwa bedi, anachotsa kachipangizo kake ka mpweya, n'kugwedeza phewa la mdalayo mpaka anatsegula maso. Anayankhula pang'onopang'ono, akutambasula milomo, akuloza Kamsomali ndi chala. Anati uyu ndi mwana wanu. Anati wakhala pano masiku onsewa. Anabwereza mpaka chifuwa chinamugwira, ndipo Wamtali anachita kumubwezera pa pilo.

Mdalayo anali atamva. Zinaoneka m'maso kuti mawu onse awawerenga. Anayang'ana chinthu choyera chimene chinagwada pambali pawo, magalasi a nthunzi, masiki yonyowa. Kenako anamwetulira mwachisoni.

"Ndinu anthu abwino," anatero. Mawu anali atachepa, sankamvekanso wodi yonse. "Mwaona kuti ndikupita, ndiye mwapangana kuti mundipatse mwana. Zikomo. Koma ine si khanda. Wanga uja akanakhala pano, sakanandibisira nkhope."

Mawu amenewo analowa mwa Kamsomali n'kukhala. Anaimirira. Anaganiza za mwana wake ataphwatika mphuno pagalasi, anaganiza za a Metroni, anaganiza za anthu omira pabedi louma, ndipo mantha sanachoke. Anali pomwepo, athunthu. Komabe anakweza dzanja kupita kukhosi, kumene kunali zipi ya ovolosi, chifukwa kuti afike pa zingwe za masiki ankayenera kuyamba watsegula chipewa cha ovolosiyo. Magolovesi anali oterera ndi thukuta. Zipi inagwira pulasitiki n'kukana kutsika. Wamtali anamutchula mwakachetechete, osati momuletsa, koma ngati munthu amene akuona mnzake akuwoloka mtsinje wodzaza.

Dzanja la mdalayo linatuluka m'bulangete n'kugwira mkono wake. Munali mudakali mphamvu m'zala zimenezo, mphamvu ya zaka zopinda malata.

"Ayi," anatero. "Musatero."

Anayesa kuchotsa mkonowo, koma iwo anagwiritsa.

"Ndakuonani mmene mwandichitira. Zakwana. Musafere ine, mwana wa eni. Munati bambo anu alipo. Mukadwala chifukwa cha bodza lofuna kundisangalatsa, ndidzawayankha chiyani?"

"Bambo, ndinu nomwe," analira m'masiki. "Ndinu nomwe, bambo."

Mdalayo anangoona masiki ikugwedezeka. Anapuma movutikira, maso ali pa magalasi aja.

"Mukadzamuona wanga uja, musamukalipire. Mungomuuza kuti ndinadikira."

Akanatha kukoka ndi dzanja linalo. Pambuyo pake, kwa zaka, Kamsomali adzabwerera pa kamphindi kameneko n'kupeza kuti dzanja lamanzere linali lomasuka, ndipo silinachite kanthu. Linali lende pambali pake. Bambo ake anali atamuletsa, ndipo mbali ina ya mtima wake, mbali imene sadzaikhululukira, inakondwera kuti yaletsedwa. Anadziuza kuti adikire zala zija zifooke, kenako avule bwinobwino. Zala zinafooka dzuwa litapendeka. Pamene zinkafooka, maso anali atatsekeka kale, ndipo sanatsegukenso.

Wodi inali chete, kupatula kulira kwa mpweya m'mapaipi. Kondakitala anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa kumutu. Wamtali anafuna kuitana anyamata onyamula mitembo kuti amalize okha, koma Kamsomali anakana. Anawatseka pakamwa bambo ake, anawongola mapazi aja, n'kuwapukuta nkhope. Lamulo linkati mtembo wa mliri uthiridwe mankhwala, ukulungidwe m'mapulasitiki, ndipo achibale asauone. Anachita zonse monga mwa lamulo. Silinda ya pakona anaipereka kwa mayi wina amene anakhala akudikira mpweya pa bedi lina la pafupi ndi khoma lomwelo, ndipo bedi analiyala mwatsopano, chifukwa ambulansi ina inali itaima kale panja.

A Metroni anamva, monga zinayenera kukhalira. Anamupeza m'tenti yovuliramo zovala. Sanamukalipire. Anaima pakhomo la tenti, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti pepani, mwana wanga. Kenako, poti ntchito ndi ntchito, anamuuza kuti masiku a tchuthi cha maliro boma linawaimitsa kaye kwa achipatala, koma ayesetsa kumupezera limodzi.

Atachoka, Kamsomali anayamba kuvula mwa ndondomeko imene anaphunzitsidwa. Magolovesi akunja, kusamba m'manja. Zipi inatsika bwinobwino, osagwira paliponse. Ovolosi, magalasi, kusambanso. Pomaliza anawerama, anakoka zingwe kuchokera kumbuyo, n'kuponya masiki m'ndowa ya zinyalala.

Mphepo ya madzulo inamukhudza kumaso. Pa mzati wa tenti panali kagalasi kakang'ono kamene manesi ankadziyang'anirapo povala, kuti aone ngati pali pamene patsala poonekera. Anadziyang'ana. Masiki inali itasiya mizere yakuya pamphuno ndi m'masaya, koma nkhope inali yomweyo: chipumi chotambalala cha bambo ake, kachibwano ka mayi ake. Inali pamenepo masiku onsewo, kuseri kwa kansalu kopyapyala ngati tsamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo panalibenso wina aliyense amene ankaidikira.